Ulendo Umene Sanaujambule

Amuna anga anali ogulitsa matemba, koma theka la anthu amene ankawaunjirira pamsika wa ku Balaka silinkabwerera nsomba. Linkabwerera kuseka. Ankakapikula matembawo ku Chilwa, n'kuwathira m'dengu lalikulu kumbuyo kwa njinga, n'kupalasa kudzera ku Liwonde, ndipo akafika pamsika ntchito yoyamba inali kukalipira njingayo pamaso pa anthu. Ankati ndi yaulesi, ikangoona chitunda imayamba kutsokomola. Ankati eni ake akagona iyo imakayenda kwa zibwenzi, n'chifukwa chake m'mawa imadzuka yotopa. Amayi ogula ankaseka mpaka kugwira nthiti, n'kugula milu iwiri atabwerera umodzi.

Anali masiku a makadi a chipani, ndipo munthu wanthabwala ankayenera kudziwa polekezera. Ukaseka munthu wolakwika unkatha kukagona kumene abale ako sakudziwa. Choncho amuna anga anali ndi awiri okha owanyoza, iwo eni ndi njinga yawo, poti njinga sinkakanena kulikonse.

Ine ndine wa kwa Mposa, iwo anali a kwa Kawinga, ndipo atandikwatira anabwera kudzakhala kwathu pachikamwini monga amachitira amuna kuno. Ntchito ya mkamwini ndi yodziwika. Afolere nyumba, akonze nkhokwe, ndipo mvula yoyamba ipeze mizere ili kale m'munda wa mkazi wake. Wolephera zimenezi amamumangira mphasa ndi khasu lake n'kumulozera njira ya kwawo. Woyang'anira zonsezi anali mjomba wanga, mchimwene wawo wa amayi, telala wa pakhonde amene anakagwirako ntchito ku Joni ali mnyamata ndipo sankalola kuti tiiwale zimenezo. Mjomba ankawakonda amuna anga kuposa mmene ankandikondera ine mwana wa mlongo wawo. Akangowaona akubwera ankaimitsa makina osokera, n'kuyamba kuseka munthu asanatsegule n'komwe pakamwa.

Chimene anthu akumsika sankadziwa n'chakuti pakhomo amuna anga anali duu. Chaka choyamba zinkandipsetsa mtima kwambiri. Ndinakwatiwa ndikuganiza kuti ndizidzuka ndikuseka, koma ndinapeza munthu amene akafika amatsamiritsa njinga, n'kusamba, n'kuswali, kenako n'kukhala pakhonde kumakonza dengu lake popanda liwu. Ndikafunsa kuti kumsika kunali bwanji ankati, "Kunali bwino." Ndikafunsanso ankati, "Kunali dzuwa." Amayi anzanga ankandinong'oneza kuchitsime kuti kodi mwayambana, pakhomo panu pali zii ngati pamanda. Tsiku lina ndinawakalipira kuti kodi pakamwa panupo mumapasiya kumsika? Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Amayi, kumeneko ndimakagwira ntchito. Kuno ndimabwera kudzapuma." Sindinawamvetse tsiku limenelo, koma pang'onopang'ono ndinazolowera, mpaka ndinayamba kuikonda nthawi yamadzulo ija, ine ndikupeta mpunga, iwo akukonza dengu, mwana wathu wamkazi akukwawa pakati pathu.

Chaka china titangokolola chimanga anabwera masana, matemba ali theka m'dengu. Anati kumsika kunafika amuna atatu a galimoto ya boma, ojambula kanema, ndipo anaima kumbuyo kwa anthu n'kumamvetsera. Ankafuna munthu woti apalase njinga kuchokera ku Nsanje mpaka ku Chitipa, iwo akumutsatira ndi makina ojambulira, kuti anthu akumudzi aone misewu ndi milatho yatsopano koma asagone poonera.

"Ndiye mwawayankha chiyani?" ndinawafunsa.

"Ndati ndikafunse kunyumba."

"Ku Chitipako n'kuti?"

"Akuti kumene dziko limathera."

"Inu mukufuna mukaone pothera dziko, denga likudontha?"

Maso awo anali ngati a mwana amene waona sitima koyamba. Ndinadziwa kuti mtima wawo unali utanyamuka kale. Ndiponso masiku amenewo galimoto ya boma ikakupempha kanthu, unkangofunsa kuti ndinyamuke liti.

Mjomba atamva anakondwa ngati akupita ndiwo. Anati iwo kanema amamudziwa bwino, anamuonera ku Joni, ndipo mkamwini wolowa m'kanema ndi ulemu wa mbumba yonse. Koma ataseka anawongola nkhope, poti nkhoswe ya banja langa anali iwo.

"Akamwini, akuti miyezi ingati?"

"Iwiri, mjomba."

"Tiike itatu. Koma mvula yoyamba ikupezeni muli ndi khasu m'manja. Ikakupezani kwina, mwambo mukuudziwa, ine ndidzasowa pogwira."

"Inshaala, indipeza m'munda."

Ndinawasokera chigamba pabondo la buluku, n'kuwamangira mpunga, chinangwa chouma, mbale yawo ndi kapu, kuti asakadyere m'mbale zimene sakuzidziwa mbiri yake. Ndinawauza kuti akakafa asabwere kuno. Anati chabwino.

Patatha mwezi ndi theka, msuweni wanga amene ankagulitsa tomato m'mbali mwa msewu ku Phalula anatumiza uthenga kuti alamu adutsa. Anati galimoto inali kumbuyo kwawo, munthu ali pamwamba pake ndi makina, ndipo anawadutsitsa pamalo amodzi kanayi chifukwa koyamba panalowa mbuzi, kachiwiri dzuwa linabisala. Ndinawerenga pa zala. Ngati mwezi ndi theka wawafikitsa pa Phalula pokha, pafupi ndi kwathu pomwe, ku Chitipa akafika mwana atayamba kutunga madzi.

Umenewo unali uthenga woyamba ndi womaliza. Miyezi itatu inatha, wachinayi, wachisanu. Amuna a anzanga anamweta udzu n'kufolera nyumba. Kunayamba kutentha, anthu n'kuyamba kusosa m'minda, ndipo munda wanga wokha unali ndi mapesi a chaka chatha ali chiimire. Ndinayamba kulima ndekha mwana ali kumsana, mizere khumi lero, khumi mawa. Mjomba akandiona ndikudutsa ndi khasu ankayang'ana pansi n'kupondereza makina mwamphamvu. Anthu anayamba kunena mokuluwika kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka.

Kenako kunamveka kuti galimoto ya kanema ikubwera kusukulu. Ojambula aja anali atatumiza gawo loyamba la ulendo kuti liyambe kuzungulira m'midzi, iwo akupitirira kumpoto. Anaonetsa masana m'kalasi yaikulu, mawindo atatsekedwa ndi masaka ndi mabulangete, injini ikulira panja. Pakhomo anyamata achipani ankaona makadi. Mudzi wonse unalowa, ena kukhala pansi, ena kuimirira m'makoma, thukuta lili kamukamu. Ine ndinavala nsalu yanga ya pa Idi. Mjomba anakhala kutsogolo atavala chipewa chatsopano, akuuza aliyense kuti akhale chete, iwo ndi amene afotokoze.

Pa chinsalu choyera panatuluka nyumba yamalata. Chitseko chinatseguka, amuna anga n'kutuluka akukankha njinga, chigamba changa chili pabondo. Kalasi yonse inakuwa, amayi n'kululutira, ine mtima unangoti phwii ndi chisangalalo, poti anali amoyo ndipo anali atanenepako. Kenako m'nyumba momwemo munatuluka mkazi. Anali woyera mano, tsitsi lowongola, diresi la maluwa. Anagwada n'kuwapatsira kamba, n'kunena momveka bwino kuti, "Muyende bwino, amuna anga."

Amuna anga anamuyankha kuti akawasowa aziyang'ana tonde wa m'khola, ndevu zake n'zofanana. Mkaziyo anaseka n'kuwamenya paphewa. Anawonjezanso ina, iye n'kusekanso mpaka kugwira pamimba.

M'kalasi munangoti zii. Ndinamva mitu ikutembenukira kwa ine ngakhale munali mdima. Zotsatira zake ndinaziona ngati kumaloto. Ndikukumbuka akufika pa mlatho waukulu, n'kutsika, n'kuipempha njinga kuti isayang'ane pansi. Ndikukumbuka akuisenza pamutu pa chitunda, ati lero ndi tsiku lake lokwera. Anthu anayambanso kuseka, poti panalibe kuchitira mwina, koma mjomba sanaseke ngakhale kamodzi.

Titatuluka, mphunzitsi wina wa pasukulupo anayesa kuwakhazika mtima pansi. Anati chinali chisudzo chabe, mkaziyo angomuika kuti nkhani ikome.

"Aphunzitsi, inu munafikako ku Joni?" anatero mjomba. "Ine ndinaona ndi maso angawa anthu akuwomberana pa akavalo, n'kugwa, n'kufa. Kanema amajambula chimene chilipo. Mlatho uja ndi wabodza?"

"Iyayi, mlatho ulipodi."

"Njinga ija ndi yabodza? Chigamba chija anasoka ndi mwana uyu, n'chabodza? Ndiye zonse zikhale zoona, mkazi yekha akhale wabodza?"

Anthu ambiri anagwirizana ndi mjomba. Amayi anga anayamba kulira panjira pomwepo, akuti mapanga awiri avumbwitsa, mwana wanga wavumbwa.

Sindinama, nanenso ndinakhulupirira. Nditafika kunyumba ndinatenga dengu lawo lakale limene ankalikonda, n'kuliponda mpaka linaphwasuka. Chinkandiwawa kwambiri si mano a mkaziyo ayi, koma malata aja. Ine ndikutchera mapoto mvula ikamagwa, wina amumangira nyumba yamalata! Masiku atatu ndinatukwana chilichonse, nkhuku, mtondo, ngakhale mwana wosalakwa.

Tsiku lachinayi madzulo ndinakhala pakhonde ndikupeta mpunga. Mwana anali atagona pamiyendo panga, pakhomo pali chete, ndipo ndinapezeka ndatembenukira kumene ankakhala ndi dengu lawo. Mpamene chinandifikira. Munthu wa pachinsalu uja ankayankhula osapuma. Ankatukula nsidze, kupotoza khosi, kudikira kuti mkazi aseke kuti aponye ina. Nkhope imeneyo ndinkaidziwa, ndi imene ankavala pamsika akamagulitsa matemba kwa mayi amene sakumudziwa. Pakhomo pawo sankaivala. Ndinaika lichero pansi n'kuseka ndekha ngati wamisala.

Ndinawauza amayi. Anati ndikudzitonthoza, ndipo sindinawauzenso ena.

Mvula yoyamba inagwa Lachisanu, amuna akuchokera kumzikiti. Inali yamphamvu, ndipo m'nyumba mwanga munadontha malo asanu. M'mawa mwake mjomba anabwera okha, n'kukulunga mphasa ya amuna anga, khasu lawo ndi malaya awiri, n'kumanga ndi luzi. Ndinawauza kuti adikire pang'ono, koma anati mawu anali a mvula yoyamba ndipo anthu onse anamva. Anatenga mtolowo n'kukauika pakhonde pawo, n'kutumiza uthenga kwa Kawinga kuti mchimwene wawo wa amuna anga, amene anali nkhoswe yawo, abwere adzatenge katundu wa m'bale wake.

Patatha masiku anayi ndinali m'munda masana, ndikudzala m'mizere yanga yokhotakhota ija, imene sinafike ngakhale pakati pa munda. Ndinaona munthu akubwera m'njira akukankha njinga. Anali wowonda, ndevu zili nyankhalala, mapazi otupa. Mateyala a njinga anali odzaza udzu, omangidwa ndi luzi. Ndinawazindikira chifukwa cha chigamba.

Anaima m'mphepete mwa munda n'kuyang'ana mizere, n'kuyang'ana kumene sikunalimidwe.

"Ndachedwa," anatero.

"Mwachedwa."

Ndinkafuna kuwagenda ndi chibuma, ndinkafunanso kuwasambitsa mapazi, ndiye sindinachite chilichonse. M'nyumba sanaloledwe kulowa. Anakagona kwa shehe, ndipo m'mawa mwake tinakhala pansi pa mtengo wa mango kwa mjomba, mtolo uli pakati, mchimwene wawo wa kwa Kawinga atafika, anthu ambiri atabwera ngati kuli ngoma.

Mjomba anafunsa kuti anali kuti. Amuna anga anati ku Chitipa anafikadi. Ojambula anawauza kuti adikire galimoto imene inapita kukakonzedwa kuti adzabwerere nayo, koma iwo atayang'ana kumwera anaona mitambo yakuda. Anangotenga njinga n'kuyamba kubwerera okha, popanda galimoto, popanda makina, masabata atatu panjira. Teyala loyamba linaphulika asanafike ku Kasungu, lachiwiri ku Dedza.

"Nanga uthenga?" anatero mjomba. "Miyezi yonseyi, ngakhale kakalata?"

"Kulemba sindidziwa, mjomba, inu mukudziwa. Ndinawafunsa aja ngati kanemayo adzafike kwathu, anati adzafika. Ndiye ndimati akandiona pansalu adziwa kuti ndili moyo. Kalata yanga inali imeneyo."

"Kalata yanuyo tinaiwerenga. Mkazi uja ndani?"

Amuna anga anadabwa zenizeni. Anati ndi kalaliki wa ku ofesi ya ojambula aja, nyumbayo inali ya munthu wina, anangobwereka khonde kwa theka la tsiku, ndipo ngakhale dzina la mayiyo sakulikumbuka. Mjomba anabwereza mawu awo aja a mlatho, njinga ndi chigamba. Amuna anga ataona kuti madzi afika m'khosi anayesa njira imene ankaidziwa. Analoza njinga n'kunena kuti mboni ndi iyi, koma musaikhulupirire kwambiri, ili ndi zibwenzi m'boma lililonse. Palibe anaseka. Kanali koyamba kuona nthabwala yawo ikugwa pansi, ndipo anazyolika ngati mwana. Zinandiwawa kuposa malata aja.

Pa nkhani zotere mkazi amadikira kufunsidwa. Ine sindinadikire.

"Mjomba, ndifunseko. Zaka zinayi anthuwa akhala pamudzi pano. Alipo amene anamvapo kuseka kukuchokera m'nyumba mwanga?"

Anthu anayang'anana. Amayi aja a kuchitsime anayamba kukonza mipango kumutu.

"Inu amene munkati pakhomo panga pali zii ngati pamanda, yankhani. Munthu uyu amaseketsa alendo. Amaseketsa ogula nsomba. Kwa mkazi wake amakhala duu ngati chitsa. Mkazi wa m'kanema uja anamuseketsa kawiri asanakwere n'komwe njinga. Akanakhala mkazi wawo, mukanaona anthu awiri atakhala pakhonde osayankhulana, ndipo mukanagona nonse m'kalasi muja."

Mchimwene wawo wa kwa Kawinga anagwedeza mutu. "Chisimu, alamu akunena zoona," anatero. "Ngakhale kwathu uyu sayankhula. Amayi athu ankamuyesa wodwala."

Mjomba anayang'ana mtolo. Kenako nkhope yawo inasintha, koma osati mmene ndinkayembekezera. Inaoneka yokhumudwa.

"Ndiye ine," anatero pang'onopang'ono, "ine amene mumandiseketsa tsiku ndi tsiku pakhonde panga, akamwini, ndine mlendo? Ndine wogula nsomba?"

Amuna anga anadzutsa mutu. Sanatukule nsidze, sanapotoze khosi.

"Iyayi, mjomba. Inu ndimakuopani."

Ananena ndi mtima wonse, ndipo mwina n'chifukwa chake zinakoma. Mjomba anayesa kulimba, kenako anaphulika. Anaseka mpaka chipewa chinagwa, misozi ili mbwembwembwe, anthu onse n'kutsatira. Atapuma anati nkhani ya mkazi aisiya, ngakhale kuti za akavalo a ku Joni sasintha, anthu aja anafadi. Koma kuchedwa ndi kuchedwa, choncho mkamwini akamaliza munda ndi denga la mkazi wake adzafolerenso khitchini ya mjomba. Anamasula luzi ndi manja awo, n'kusolola khasu, n'kuwapatsa amuna anga chogwirira chili kutsogolo.

Tsiku lomwelo tinapita kumunda. Iwo ankaunda mizere ndi mapazi otupawo, ine ndikubwera m'mbuyo ndi mbewu. Mpaka dzuwa kupendeka sitinayankhulane. Madzulo atasamba ndi kuswali anakhala pakhonde pamalo awo, n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Dengu langa lija lili kuti?"

"Linagwa."

"Oo," anatero, n'kunyamula mwana.

Chimanga chathu chaka chimenecho chinachedwa ndipo tinakolola chochepa, moti tinadalira mpunga ndi matemba. Gawo lachiwiri la kanema linabwera chaka chotsatira. Linathera pa Chitipa, amuna anga atakweza manja m'mwamba, ana asukulu akuwomba m'manja. Kuyambira pamenepo pamsika wa ku Balaka ankawaitana kuti a ku Chitipa, ndipo nthabwala za ulendo wopita zinawagulitsira nsomba zaka zambiri. Za ulendo wobwerera sananenepo pamsika ngakhale kamodzi. Ine ndinawafunsa tsiku lina kuti ankagona kuti, ankadya chiyani, kunali bwanji masabata atatu aja ali okha panjira.

"Kunali dzuwa," anatero.

Amuna anga anamwalira kalekale, mjomba anatsogola. Mpaka lero ndikapita ku Balaka pamapezeka nkhalamba yondiimitsa kuti indiuze za njinga yoopa kuyang'ana pansi pa mlatho, ndipo ndimaseka nayo ndithu, poti nthabwalazo zinali za anthu onse. Ndikabwerera kwathu ndimakhala pakhonde madzulo ndi lichero langa. Mdzukulu wanga amene amandisamala akaona pakhomo pali zii amaganiza kuti ndasungulumwa, ndiye amathamangira kukatsegula wailesi. Ndimamuuza kuti atseke. Chete ameneyo ndiye chinthu chokha chimene agogo ake ankasungira ine ndekha.